Mmene mungayendere konkire wopopera mu tanelo osamugumula

Konkire wopopera, amene pa ntchito timangoti shotcrete, ali ndi khalidwe limodzi loipa, amaoneka bwinobwino kumaso pomwe kumbuyo kwake kuli nkhani ina. Mukalowa mu tanelo mumangoona khoma lotuwa la mabampu mabampu, zonse zili phee, koma mbali inayo simudzaiona chifukwa inamatirira ku thanthwe, kapena tinene kuti imayenera kumatirira ku thanthwe, nde ntchito yonse yoyendera yagona pamenepo. Wamatiradi? Ndi wochindikala mmene pulani inanenera? Mkati mulibe mphako? Ndipo muyenera kuyankha mutaima mbali imodzi yokha, osaswa khoma, poti mukamangobowola paliponse mukhala mukuononga chinthu chomwe mwabwera kudzateteza.

Kuti mudziwe poyang'ana muyambe mwadziwa mmene konkireyu amalakwikira. Sathiridwa mu matabwa n'kugwedezedwa ndi vibrator ngati wa pa nyumba ayi, amaponyedwa ndi mphamvu ya mpweya kudzera mu paipi, nde chomwe chimamutsendera ndi liwiro lomwe wamenyera pa thanthwepo basi. Anayambitsa njirayi ndi Carl Akeley ku America mu 1907, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali yokonza zikopa za nyama zoonetsa mu museum, zodabwitsa eti, kenako akatswiri a ku Austria monga Ladislaus von Rabcewicz anaipanga kukhala msana wa njira yokumbira matanelo yotchedwa NATM (New Austrian Tunnelling Method) cha m'ma 1960. Kuyambira nthawi imeneyo mavuto ake ndi omwewo omwewo. Wopopera akaimika paipi mopendekera, kumbuyo kwa chitsulo chilichonse kumatsala mpata chifukwa chitsulocho chatchinga, makamaka pa waya wa mesh ndi pa zitsulo zopindika zija zochirikiza denga. Miyala ndi mchenga zomwe zimadumpha pomenya khoma, zomwe amati rebound, zikaunjikana m'munsi mwa khoma osachotsedwa n'kupoperedwa pamwamba, pamakhala thumba la mchenga lopanda simenti lomwe mungalikande ndi chala. Akapopera kawiri katatu osatsuka fumbi pakati, magawowo sagwirana. Ku denga, akaika wochuluka nthawi imodzi kapena pamene pakudontha madzi, konkire amalendewera pang'ono asanaume n'kusiya kampata koonda ngati pepala pakati pa iye ndi thanthwe. Ndipo pamene thanthwe latulukira nsonga pamakhala popyapyala, poti wopopera amadzadza maenje n'kungopaka pa nsonga.

Izi si zocheza. Mu October 1994 matanelo a njanji ya Heathrow Express ku London anagwa akumangidwa, pamwamba panatseguka dzenje pakati pa bwalo la ndege, mwayi palibe anamwalira, ndipo ofufuza anapeza kuti konkire wopopera m'malo ena anali wosakwanira komanso manambala oyezera kusuntha kwa nthaka ankaonetsa vuto koma sanachitepo kanthu msanga. Ine mbali yachiwiriyi ndi imene imandiopsa kwambiri, kuyeza kunalipo.

Musanalowe pezani mapepala. Pulani yonena kuchindikala kwa gawo lililonse, malekodi a tsiku ndi tsiku opopera, pomwe pali mabawuti a m'thanthwe, ngati kumbuyo kuli pulasitiki yotchinga madzi, ndipo chachikulu kwambiri funsani kuti mu konkiremo anaikamo ulusi wanji, wachitsulo kapena wapulasitiki, chifukwa yankho limenelo lokha likuuzani ngati kunyamula radar, makina oonera mkati mwa khoma, kuli ndi phindu kapena mungoisiya mu ofesi. Kenako lembani khoma. Mamita 5 kapena 10 alionse pentani nambala ya chainage, yomwe ndi mtunda wa pamalopo motsata tanelo, ndipo malo ozungulira tanelo muziwatchula ngati wotchi, 12 koloko ndi pakati pa denga, 9 ndi 3 ndi m'mbali, aliyense mu gulu agwirizane kuti mukuyang'ana mbali iti poti ndinaonapo lipoti lomwe theka la zolakwika zinalembedwa khoma lolakwika chifukwa wina ankawerenga akulowa wina akutuluka. Za chitetezo sinditalikitsa, mpweya uyezedwe, zolendewera zigwetsedwe kaye, ndipo musaime pansi pa konkire wongopoperedwa kumene olo wina akuuzeni kuti wagwira.

Choyamba ndi maso ndi tochi. Tochi musaunikire molunjika, igonekeni m'mbali mwa khoma kuti kuwala kuzikwawa, ming'alu ndi zotupa zimaonekera pompo. Mng'alu uliwonse muulembe kutalika, kolowera, ndi kukula kwake pogwiritsa ntchito kakhadi koyezera ming'alu, tiyeni tinene kuti wopitirira mamilimita 0.3 muuike diso, koma kolowera nkofunika kuposa kukula, timing'alu tongomwazikana ngati ukonde nthawi zambiri ndi ta kuuma chabe pomwe mng'alu umodzi wautali wotsata tanelo ku denga kapena wozungulira chigawo ngati ukufuna kuchidula umatanthauza kuti thanthwe likukankha. Zoyera zotuluka m'ming'alu ndi laimu amene madzi akukokolola mu simenti, ndekuti madzi akudutsa kwa nthawi yaitali. Timadontho ta dzimbiri tambirimbiri pa konkire wa ulusi wachitsulo tisakuopseni, ndi nsonga za ulusi zomwe zili pamtunda, koma mzere wa dzimbiri wowongoka ndi chitsulo cha mkati chimenecho.

Chachiwiri ndi hamala, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa anthu amainyoza akangogula makina. Hamala wamba, yosalemera kwambiri yoti mutha kuigwedeza tsiku lonse, mumagogoda khoma motsatana, masentimita 30 mpaka 50 alionse, n'kumamvetsera. Konkire wogwirana bwino ndi thanthwe amalira mokweza, ngwe ngwe, ndipo hamala imadumpha kubwerera m'dzanja. Pamene pali mpata pamalira ngati ng'oma, mbu mbu, dzanja limamvanso kuti mphamvu yamira. Mukapeza pa ng'oma musapitirire, zungulirani mpaka mupeze malire ake onse n'kuwajambula ndi choko kapena penti, chifukwa chigamba cha kukula ngati chikhatho ndi chigamba cha mamita awiri ku denga ndi nkhani ziwiri zosiyana. Pemphani azimitse mafani kwa kanthawi ngati malamulo a pamalopo akulola, mu phokoso khutu limanama. Muzikhala awiri ndipo muzisinthana, poti pakatha maola awiri mkono uli m'mwamba paliponse pamayamba kumveka bwino. Ku Japan, denga la tanelo ya Sasago litagwa pa 2 December 2012 n'kupha anthu 9, boma linalamula kuyambira 2014 kuti matanelo a m'misewu aziyenderedwa zaka 5 zilizonse munthu atafika pafupi penipeni, kugogoda ndi hamala kuli momwemo. Zomwe zinagwa kumeneko anali maslabu a denga opachikidwa ndi mabawuti osati shotcrete, koma onani kuti dziko la makina onse aja linabwerera ku hamala. Malire ake ndi oti imamva zapafupi zokha, mpata ukakhala kuseri kwa konkire wochindikala masentimita 25 kapena 30 hamala ingokuuzani kuti zonse zili bwino.

Pali hamala ina ya sipuling'i, ya Schmidt, yomwe imapereka nambala ya kulimba kwa pamwamba. Pa shotcrete ndimaikayikira. Khoma ndi la mabampu nde muyenera kusalaza kaye ndi giraindala, kuwerenga kosachepera ka 9 pamalo amodzi, kukonza nambala malinga ndi komwe mwalozetsa poti kuloza m'mwamba ndi kuloza cham'mbali sizifanana, ndipo mapeto ake mwangodziwa za khungu. Ndi yabwino poyerekeza dera ili ndi lija, osati polemba mu lipoti kuti kulimba kwa konkire ndi 35 MPa.

Pa kuchindikala, ngati tanelo ikumangidwa kumene, njira yosavuta kuposa zonse ndi laser scanner. Mumajambula thanthwe asanapopere, kujambulanso atapopera, kompyuta n'kuchotsera, mumapeza mapu a mitundu oonetsa pomwe pachepa ndi pomwe pachuluka, nsonga zija zimaonekera zofiira. Koma scanner imayeza mtunda pakati pa nkhope ziwiri basi, ngati pakatipo pali mpweya iyo iwerenga ngati konkire. Pa tanelo yakale yomwe palibe anajambula thanthwe, scanner imathandiza kuona ngati khoma likusuntha chaka ndi chaka.

Tsopano radar, imene ambiri amati GPR. Kabokosi kamakwawa pa khoma kakutumiza mafunde a wailesi mkati, akakumana ndi chinthu chosiyana ndi konkire ena amabwerera, makina amalemba nthawi yomwe atenga. Pa makoma ngati awa anthu amagwiritsa ntchito antenna, mbali yotumiza ndi kulandira mafunde, ya pakati pa 900 MHz ndi 2 GHz, ya nambala yokwera imaona tinthu tating'ono koma pafupi, yotsika imalowa patali koma mwachimbuuzi. Masamu ake ndi ophweka. Mu konkire wouma bwino mafunde amayenda pafupifupi masentimita 10 pa nanosecond (ns) imodzi, gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi, ndipo amapita n'kubwerera, nde mzere ukaoneka pa 4 ns ndekuti chinthucho chili pa masentimita 20. Koma nambala ya 10 ija musaikhulupirire ngati lamulo, konkire wonyowa kapena wamasiku ochepa amachedwetsa mafunde ndi kuwameza, mukapanda kukonza mudzalemba kuti khoma ndi lochindikala kuposa mmene lilili, ndipo kulakwitsa kwa mbali imeneyo ndi koopsa. Pezani malo amodzi omwe kuchindikala mukukudziwa motsimikiza, pa bowo lakale kapena pa core, chidutswa chozungulira cha konkire chomwe mumatulutsa pobowola khoma, muyeze pamenepo n'kukonza liwiro mu makina.

Poyendetsa, jambulani mizere yotsata tanelo, wa pa 12 koloko, ya pa 10 ndi 2, ya m'mbali, kenako yopingasa pomwe mwakayikira. Antenna igunde khoma nthawi zonse, ikangodumpha pa bampu chithunzi chimadzadza zinyalala, ena amayala kathabwa kopyapyala ka pulasitiki kuti iziterereka, ndipo kawilo kowerenga mtunda kamazembera pa khoma lokhakhala nde muzidina chizindikiro pa chainage iliyonse. Pa sikirini chitsulo chimaoneka ngati kauta kozondoka, mesh ngati timauta tondondozana. Mphako ya mpweya ndi thumba la madzi zonse zimawala kwambiri koma mafunde ake amabwerera mozondokerana, wozolowera amasiyanitsa. Zomwe radar singachite muzidziwiretu. Kampata koonda ngati pepala kaja kawirikawiri siikaona. Kuseri kwa mesh yothinana kapena ya magawo awiri kumakhala mdima. Thanthwe lina limafanana kwambiri ndi konkire pa nkhani ya mafundewa moti malire ake saoneka n'komwe. Ndipo ulusi wachitsulo, womwe amaika makilogalamu 30 kapena 40 pa cubic mita, umabalalitsa mafunde onse, chithunzi chimangokhala chipwirikiti, pomwe ulusi wapulasitiki radar imadutsa ngati palibe kanthu.

Pamene radar yagonja ndi pomwe impact-echo imalowera, ndipo kunena zoona iyi ndi hamala yomwe ija koma yapatsidwa khutu lamagetsi. Anaikonza ndi Nicholas Carino ndi Mary Sansalone ku America m'zaka za m'ma 1980, ndondomeko yake ili mu muyezo wa ku America wa ASTM C1383. Mumamenya khoma ndi kampira kachitsulo, kasensa komwe mwakanikiza pambali kamamva kunjenjemera, kompyuta n'kuonetsa frequency yomwe yatuluka kwambiri. Funde limangopita n'kubwerera pakati pa nkhope ya khoma ndi pomwe lagunda mpweya, nde kuya kwake mumapeza potenga 0.96 kuchulukitsa ndi liwiro la funde, kugawa ndi frequency yowirikiza kawiri. Tiyerekeze liwiro ndi mamita 4000 pa sekondi, nsonga ya pa girafu ikatuluka pa 9.6 kHz ndekuti pali malire pa masentimita 20, ikatuluka pa 24 kHz pali kanthu pa masentimita 8. Gawo lopyapyala lomwe lasiyana ndi linzake pafupi ndi pamwamba limachita zina, limangogwedezeka lonse ngati chikopa cha ng'oma n'kupereka nsonga yaikulu yotsika kwambiri, ma kHz ochepa chabe, nde musaiike mu masamu aja n'kulengeza kuti khoma ndi la mita imodzi.

Chomwe chimasokoneza oyamba kumene ndi ichi. Pa slabu ya mlatho nsonga yooneka bwino ya kuchindikala ndi nkhani yabwino chifukwa pansi pake pamayenera kukhala mpweya. Mu tanelo ya m'thanthwe lolimba ndi zozondoka. Konkire akamatirira bwino ku thanthwe funde limangodutsa kulowa m'phiri, lochepa ndi lomwe limabwerera, chithunzi chimaoneka chofooka chosasangalatsa, ndipo chimenecho ndiye chabwinocho. Mukaona nsonga yakuthwa yokongola pa kuchindikala kwenikweni kwa pulani, musasangalale, mwina mwapeza pomwe konkire wasiyana ndi thanthwe. Ndinaonapo mnyamata wanzeru zake atapenta zobiriwira malo onse a nsonga zokongola, tinachita kubwereza tsiku lonse. Ubwino wa njirayi ndi woti ulusi wachitsulo suisokoneza ndipo kampata koonda imakamva. Kuipa kwake ndi kuchedwa, ndi malo amodzi amodzi, aliwonse kusalaza kaye pokhazika sensa, nde simungachite tanelo yonse, mumaigwiritsa ntchito pomwe maso, hamala kapena radar zakulozerani. Kampira kakang'ono ndi ka zapafupi, kakakulu ka zakuya, nyamulani angapo.

Pali makina ena a ultrasonic okhala ndi timano tambiri pansi, monga MIRA, omwe safuna mafuta opaka ndipo amapereka chithunzi cha mkati ngati cha kuchipatala. Amaonetsa bwino mphako za kuseri kwa zitsulo, koma timano tonse tiyenera kugunda khoma, pa shotcrete wosasalaza theka timakhala m'malere, ndipo kuwanyamula ku denga kwa ola limodzi mapewa amayaka. Ultrasonic yakale ija ya masensa awiri imafuna kuti mufike mbali zonse ziwiri za khoma, mu tanelo mbali inayo ndi phiri, nde isungeni ya pa ma core. Kamera ya kutentha imathamanga, mutha kujambula mukuyenda pa galimoto, ndipo madzi imawapeza bwino poti ponyowa pamazizira, koma kuti ione gawo losiyana pamafunika kuti mpweya ndi khoma zisiyane kutentha, zomwe zimachitika pafupi ndi khomo la tanelo, mkati mwenimweni kutentha sikusintha usana ndi usiku nde chithunzi chimangokhala mtundu umodzi.

Ngati ntchito yanu ndi ya konkire wa maola ochepa, funso limakhala loti wagwira mokwanira kuti anthu alowe pansi pake. Apa muyezo wa ku Ulaya wa EN 14488-2 umapereka njira ziwiri, kasingano kokankha ndi dzanja pamene akadali wofewa, mpaka cha pa 1 MPa, kenako misomali yowombera ndi mfuti ya Hilti n'kuizula poyeza mphamvu akayamba kulimba. Manambalawo mumawaika pa mizere ya J1, J2 ndi J3, yoonetsa kulimba komwe konkire ayenera kufika nthawi ikamapita, pa konkire wa ku denga nthawi zambiri amafuna J2. Zimasiya timabowo koma palibe amadandaula.

Mukamaliza zonsezi muyenerabe kubowola, pang'ono, ndipo amene angakuuzeni kuti makina ake safuna core ndi wotsatsa malonda. Kusiyana kwake ndi koti tsopano mukudziwa pobowola. Ikani zotsatira zonse pa mapu amodzi a tanelo yotambasulidwa, ming'alu, zigamba za ng'oma, mizere ya radar, madontho a impact-echo, muone pomwe zikugwirizana. Njira ziwiri zosiyana zikaloza malo amodzi ndimakhulupirira. Imodzi yokha ikaloza ndimakayika. Sankhani core pamalo omwe makina akuti ndi oipa, ina pomwe akuti ndi abwino, ina pomwe akutsutsana, ndipo ya pabwinoyo musaidumphe chifukwa ndi imene imakuuzani ngati makina akubisa zinthu. Bowolani mpaka mulowe m'thanthwe pang'ono kuti muone mgwirizano ndi maso, core ikatuluka konkire ndi mwala zili chinthu chimodzi ndi umboni woposa chithunzi chilichonse, ikatuluka yoduka yang'anani nkhope yodukayo, yoyera yatsopano ndekuti yaduka pobowola, ya fumbi kapena ya laimu ndekuti inali yosiyana kale. Pomwe mukungofuna kutsimikiza mphako, bowo laling'ono la dirilo ndi kakamera ka pa waya zikwanira. Musanabowole yendetsanipo radar kapena choyezera zitsulo kuti musadule chitsulo kapena bawuti, ndipo ngati kumbuyo kuli pulasitiki yotchinga madzi ikani choimitsa pa dirilo, mukaiboola mwabweretsa kudontha komwe kunalibe.

Kuchindikala kwa pa core kubwezereni mu radar ndi mu impact-echo, mukonze liwiro, muwerengenso mizere yonse, nthawi zina mapu amasintha ndithu. Mu lipoti lembani antenna yomwe munagwiritsa ntchito, liwiro lomwe munaika, tsiku, ngati khoma linali lonyowa, komanso malo omwe simunathe kufika kapena pomwe makina sanaone kanthu chifukwa cha mesh, amenewo apenteni mtundu wawo pa mapu, asaoneke ngati abwino. Mafayilo osakonza asungeni, wobwera zaka 5 zikubwerazi adzafuna kuyendetsa pa mzere womwewo. Mabowo a core mutseke tsiku lomwelo ndi matope a simenti osafota pouma, mutatsuka ndi kunyowetsa mkati, ndipo pambali pake pentani nambala yake.